Gauni ya Lorraine

Loweruka masana, pasiteji ya basi ku Landover, kutsidya kwa nyanja, mayi wonyamula beseni la mandasi anapeza womukhuthulira zakukhosi, bambo wina wa ku Zambia.

"Mandasi onsewa, amayi, kuli ukwati?"

"Ukwati wake uti! Ndi a kuphwando la mnzanga Lorraine, wamaliza digiri yake yamadzulo. Munthu woti kusekondale ankakopera kwa ine! Kuno takhala tikusambitsa limodzi nkhalamba, lero iye ndi nesi."

"Nanga inu simunalembetse bwanji?"

"Ana ake akanatsala ndi ndani, bambo? Iye m'kalasi, ine ndi matewera."

"Koma kuphwandoko mukupitabe?"

"Ndikupita, ndikabwereke gauni yake ya digiriyo ndijambulitse. Amayi kumudzi amadziwa kuti amene ali pasukulu ndine."