Mbaula ya gasi ya anthu anayi

Kale, agogo anu aamuna akadali pa ntchito ku Makata, pakhomo pano pa Chilobwe mlendo sankabwerera ndi njala, ndipo sikuti tinali olemera ayi. Malemuwo anangodula mgolo pakati n'kuyala waya pamwamba, chowotchera nyama n'kukhala chomwecho. Makala tinkaunjika mbali imodzi, nkhuku yathunthu n'kuigoneka mbali inayo kopanda moto, kenako n'kuvundikira ndi lata, ndipo inkapsa ndi kutentha kokha, pang'onopang'ono mpaka pafupa, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Iwe Tadala, ika foniyo pansi, nkhaniyi ndi ya bambo ako.

Koma lero taonani. Bambo akowo, Lusiyano mwana wanga, atakwezedwa ku ofesi anati makala amadetsa malaya, ndipo anapita ku Limbe kukagula mbaula ya gasi yowotchera nyama. Za gasizo ine sindikangana naye, mitengo yatha m'mapirimu. Chondiwawa n'china. Wogulitsa anamufunsa kuti, "Bwana, banja lanu ndi la anthu angati?" Iye osaphethira n'komwe akuti, "Anayi." Ndiye kuti iyeyo, mayi ako, iwe ndi mng'ono wako Chisomo. Ine amene ndinamubereka kumsanaku sindinawerengedwe.

Anabwera nako kanthu konga sutikesi, koyakira moto pamodzi pokha. Ndinamufunsa kuti, "Mwanawe, nkhuku yathunthu uiika pati kuti italikirane ndi moto?" Akuti, "Amayi, izi n'zamakono, simungazimvetse." Chabwino, sukulu ndinalekeza sitandade 2, koma kuwerenga anthu odya sindinaphonyepo.

Ndiye linafika tsiku la ubatizo wa Chisomo, anthu n'kudzaza mumpanda muno, ndipo pakati pawo panali a Zuze, achimwene awo a malemu agogo anu. Ana inu mumangowaona ngati nkhalamba ya jekete lakutha, koma ndi amene anatisunga m'chipinda chawo ku Mbayani chaka chathunthu, Lusiyano ali wakhanda, iwo n'kumagona pakhonde. Munthu wotero umamuphera nkhuku yakeyake, ndipo palibe amatambasula dzanja iye asanalawe.

Lusiyano anaiika nkhukuyo pamoto penipeni, poti malo ena panalibe. Khungu linapserera bii, koma m'kati muli magazi. A Zuze anang'amba ntchafu, n'kuona kufiirako, n'kuibweza m'mbale mwakachetechete. Anadya masamba okha, kenako akuti, "Alamu, mano angawa masiku ano akuvuta." Anatibisira manyazi, ndipo ananyamuka dzuwa likadali pamutu. Mlendo ndi mame, ana inu, sadikira kuti ukonze zolakwa zako.

M'mawa mwake ndinamanga chitenje changa n'kumuuza mwana wanga kuti, "Nyamula sutikesi yakoyo, tibwerere ku Limbe." Wogulitsa uja atafunsanso funso lake, ndinayankha ndine, kutchula maina mmodzimmodzi kuyambira a Zuze, mpaka zala zinamuthera. Tinasinthitsa ndi iyo mukuiona pakhondeyo, yoyakira patatu, ya chivundikiro chakuya. Umayatsa m'mbali muwirimo, pakati n'kusiya pozima, nkhuku n'kuigoneka pamenepo. Ndi mgolo wa agogo anu womwe uja, angoupaka utoto.

A Zuze ndinakawapepesa ndekha, wapansi, ndipo avomera kubwera Lamulungu lino. Tambala ndi uyo ndamumanga pa mtengo wa mapeyala, ndipo adzawotcha ndi Lusiyano yemweyo, ine nditakhala pampando pambali pake.

Tsono ana anga, tsiku lina nanunso mudzafunsidwa kuti banja lanu ndi la anthu angati. Musadzafulumire kuwerenga ogona m'nyumba mwanu okha. Mudzawerenge amene adzanyamule bokosi lanu la maliro, chifukwa pa anayi a bambo anu aja, mmodzi adzakhala atagona m'bokosimo, ndipo atatu otsalawo sangalinyamule okha.