Mswachi Sulowa M'chikuta

Tsiku lomwe tinkatuluka m'chipatala ndi khanda, namwino anatichenjeza kuti usinini wanga watupa, ndipo ndikapanda kutsuka mano kawiri pa tsiku ayamba kugwedera. Apongozi anga anangoti "ee, ee," koma titangofika kunyumba anabisa mswachi wanga, poti mwambo wa kwathu umati mkazi wa m'chikuta satsuka mano, sasamba, satuluka pakhomo mpaka mwezi uthe.

Patadutsa masabata awiri ndinaluma dzira lowiritsa n'kusiyapo magazi. Mwamuna wanga Baoshan, amene amakonza njinga zamoto, analinyamula dziralo ulendo wa kukhitchini. Ine ndinatsala pabedi, khanda lathu Doudou ali kubere, diso langa lili pampata wa chitseko.

"Amayi, taonani dzira ili."

"Wasiyanso? Nanga mkaka uchokera kuti, kumpopi?"

"Lili ndi magazi."

"Magazi oipa amenewo, akutuluka. Zikuyenda bwino."

"Pepala la namwino likuti kawiri pa tsiku."

"Namwino wake kamtsikana kaja? Kabereka angati?"

"Sindinafunse. Ndikafunse?"

"Khala pansi iwe!"

Anakhaladi pansi, pasimenti penipeni, mpando uli pambali pake.

"Mwambowo ukuti chiyani kwenikweni? Mundiuze mawu ake."

"Mkazi wa m'chikuta asatsuke mano. Basi."

"Chabwino. Ndizimutsuka ineyo."

"Aaa! Mswachi usalowe m'kamwa mwake!"

"Nanga chala?"

"Chala chako cha girisicho? Chilichonse chotsukira chisalowe! Mano a munthu wongochira kumene ndi ofewa ngati tofu wa soya uja. Ukawakhudza lero, mkaziyo akamadzakalamba onse mbwee pansi. Ine ana atatu, zikuta zitatu, osatsuka ngakhale kamodzi. Taona!"

Apongozi anamwetulira mpaka m'makutu. Mano mbee, ondondozana ngati matailosi.

"Amayi, amenewo amagona m'kapu."

"Ndi anga!"

"Nanga oyamba aja anapita kuti?"

"Ndinadya peyala lozizira kutatsala tsiku limodzi kuti ndituluke m'chikuta chako. Anagwa chifukwa cha iweyo."

"Pepani."

"Mochedwa."

"Koma awawa mumawatsuka."

"Tsiku lililonse. Ndine nkhumba ine?"

"Ndi mswachi?"

"Ayi, ndi khasu. Ee, ndi mswachi!"

"Koma sagwedera."

"Agwedera bwanji poti ndimawatsukira m'beseni?"

Baoshan anangoti zii. Kukhala chete kumeneko ndimakudziwa. Amatero akatsala pang'ono kumasula injini ya munthu amene anangobwera kudzapopetsa tayala. 

"Ndamva tsopano," anatero. "Vuto si mswachi. Vuto ndi malo. Mano akakhala kunja kwa kamwa, mwambo ulibe nawo mawu."

"Ulibe, inde."

"Ngati pulagi. Sutsukira mu injini. Umachotsa, n'kutsuka, n'kubwezera."

"Ukuti chiyani mwana iwe?"

"A Kuang, ozula mano kumsika aja. Achotse, titsukire m'beseni, tibwezere."

"Dzino likazulidwa silibwereranso, chitsiru iwe!"

"Anu amabwerera m'mawa uliwonse."

"Angawa ndi ena!"

"Mwangonena kumene kuti ndi anu."

"Ndi anga koma si... Iii, ndinalakwanji ine kuti ndibereke chitsa!"

Ndinafuna kukuwa, koma Doudou anali atangogona kumene, ndipo amene anagonekapo khanda la masabata awiri akudziwa kuti sungalidzutse chifukwa cha mano okha. Ndinangoyendetsa lilime m'kamwa, kuwawerenga, kuwatsanzika.

"Njira ndi ziwiri, amayi," anatero Baoshan, zala ziwiri zili m'mwamba. "Mswachi ulowe, kapena mano atuluke. Mwambo ukulola iti?"

 Apongozi anayang'ana mphika wa msuzi wa mapazi a nkhumba ngati yankho lili m'menemo. Chikwatiwire changa pakhomo pano sindinawamvepo akunena kuti "ndalakwa." Tsiku lina anathira shuga m'malo mwa mchere, ndipo tinadya nsomba zashuga sabata yonse.

"Mswachi sulowa."

"Ndiye atuluka."

"Atuluke!" Chikombe chinalira pamphika.

"Onse, kapena tiyambe ndi apansi?"

"Ukufunsa ine? Si ndiwe katswiri?"

"Onse. Kumasula kawiri n'kutaya nthawi."

"Koma mkaziyo sapita kumsika! Satuluka!"

Pamenepo ndinapumako. Apongozi nawo nkhope inawala, ngati munthu amene wapeza potulukira. Koma Baoshan anali atatulutsa kale foni.

"A Kuang? Ndine Baoshan wa njinga. Mungabwere kunyumba mawa seveni koloko? ... Ee, onse. ... Ayi, sanawole. Akungofuna kutsukidwa. ... Musadzataye, tidzawafunanso. ... Halo? Ee, ndili bwinobwino, bwanji?"

Anadula foni.

"Akuti sanachitepo, koma abwera kudzaona. Ndikatenge thireyi ya mazira, tiziika lililonse pabowo lake kuti tisadzasokoneze pobwezera."

"Thireyi ili ndi mabowo makumi atatu," anatero apongozi ndi mawu otsika. "Munthu ali ndi mano makumi atatu ndi awiri."

"Awiriwo mudzasunge m'thumba la epuloni."

Baoshan anasuzumira kuchipinda, n'kundigwira chala chaphazi mwachikondi.

"Usadandaule, make Doudou. Ine ndi amayi tagwirizana. Koyamba chibadwire changa."

Ndinamva njinga yake ikulira, ikupita kukasaka thireyi.

Sipanatenge nthawi, apongozi analowa, n'kutseka chitseko bwinobwino. Sanandiyang'ane. Anakoka chikwama pansi pa bedi n'kuyamba kuponyamo matewera, mabulangete, zipewa zitatu za mwana ndi ziwiri zanga.

"Basi ya kutauni imadutsa faifi koloko, kusanache," ananong'ona. "Tikhala tili kwa dokotala wa mano weniweni, Kuang uja asanamange n'komwe nsapato. Baoshan uja ndinabereka ndine, ndikumudziwa. Achitadi."

"Ndiye mungomuuza kuti mswachi ulowe, amayi."

"Ndigonje kwa chitsa chija? Ndife kaye."

"Koma mwambo ukuti ndisatuluke pakhomo."

Apongozi anatseka zipi ya chikwama, n'kuwongola mano awo ndi chala.

"Pakhomo, inde. Za pawindo mwambo sunanenepo kanthu."