Maluwa a Mtchaina pakhomo pa mayi Clotilda

Dzuwa la ku Ngabu lili paliwombo, mnyamata wachilendo anatulukira pakhomo pa mayi Clotilda atafumbata kansalu ngati wamangamo mtima wake. M'nyumba munali mwana wawo Otilia, pakhosi patatupa, osadya, osatulutsa ngakhale liwu.

"Ndamva kuti muli ndi matenda," anatero mlendoyo atanjuta. "Ndabwera ndi mankhwala."

Mayi anasuzumira m'kansalumo. Timaluwa touma, tachikasu.

"Maluwa! Mwana wanga sanafe, iwe. Nkhata yakoyo ukaike pamanda a agogo ako."

"Agogo ali moyo, mayi. Awa wandipatsa ndi Mtchaina wa kusikimu ya mpunga. Akuti kwawo amamera m'mapiri ozizira, ndipo m'chikasumo ndi momwe muli mphamvu yophwetsa zotupa zapakhosi."

"Mankhwala amakumba ndi khasu, amawawa mpaka misozi. Izi n'zodya njuchi. Dzina lako ndani?"

"Ndikatchula mundithamangitsa."

Mayi anayamba kumukayikira. Kazitape wa chipani? Mfiti yoyenda masana? Anawiritsa madzi, nanyika maluwawo m'kapu.

"Kuno wobweretsa mankhwala amayamba ndiye kulawa. Chotsa ufiti."

Mnyamata anapsontha.

"Asa! Wangonyowetsa milomo. Meza, ndione kholingo likuyenda."

Anameza.

"Usandipusitse. Chiphe chimadikha pansi."

"Ndifike pansi?"

"Nanga ndanena chiyani?"

Anapendeketsa kapu, gubudu gubudu, natafuna ndi timaluwa tomwe. Mayi anapinda manja, kudikira kuti agwe. Sanagwe. Anangogeya mwaulemu.

"Chabwino," anatero mayi mokakamizika. "Tulutsa ena timwetse wodwala."

"Anali omwewo, mayi."

"Eee! Wamaliza mankhwala a mwana wanga?"

"Mwati ndifike pansi."

"Ndinati utafunenso? Mbuzi yovala malaya iwe!"

"Zotafuna simunaletse."

Mayi anatola munsi. Pomwepo chitseko chinatseguka, ndipo mawu a Otilia, osasa koma amphamvu, anamveka mpaka kudimba:

"Amayi, musam'menye Lorenso!"

Munsi unaima m'malere. Lorenso! Mwana wa msodzi wa ku Bangula, yemwe anatuma amalume ake kudzamufunsira mbeta kwa Otilia, mayi n'kuwapirikitsa.

Koma Lorenso sankayang'ana munsi. Ankayang'ana m'kapu mopanda kanthu, maso ali tong'o.

"Mwaonatu, mayi? Ndamwa ine, wayankhula iye. Nanga akanamwa yekha?"