Thanthwe limene linakana moto

Abale ndi alongo mwa Ambuye, ine ndimaswa miyala ya kwale kumtunda kwa Area 23. Kale mtima wanga unali wouma kuposa miyalayo. Lamulungu anzanga akamapita kutchalitchi, ine ndinkanyamula hamala, n'kumawaseka kuti, "Pitani, kwaya ikakudyetseni."

Kumalo athu antchito kunali thanthwe lina lopendekeka. Azibambo analiwotcha ndi matayala, monga timachitira kuti mwala ufewe, koma linakana kusweka. Linangotsala ndi kamng'alu konga ulusi, iwo n'kulisiya. Ine ndinaonapo mthunzi wabwino, ndiye ndinkagoneka mwana wanga wakhanda, Tadala, pansi pake.

Che Jafali, bambo amene ankaswa miyala pafupi nane, anandichenjeza. "Amayi, mwala ukalawa moto sugona ayi. Umenewo ukudyeka m'kati."

"Nanga dzulo bwanji sunagwe?" ndinawayankha mwamwano.

Koma mawu awo anandikhala pamtima. Dzuwa linkaotcha thanthwelo, chisanu n'kuliziziritsa, mvula n'kulowamo. Poyamba mumng'alumo simunkalowa ngakhale kaudzu. Kenako munalowa msomali. Patapita miyezi munalowa chala changa. Ndinkaswa miyala mwamantha, diso lili kwa mwana. Koma kumuchotsa kunali ngati kuvomera kuti ndagonja, ndipo ine sindinkagonjera munthu.

Tsiku lina kunalibe mvula, kunalibe mphepo, panalibenso amene anamenya thanthwelo. Ndinangoona timchenga tikuyoyokera pachitenje cha mwana. Kenako thanthwe linayamba kuthetheka ngati chikuni pamoto. Ine wosapemphera uja, pakamwa panga panangotuluka kuti, "Yesu!" Ndinathamanga n'kukoka mwana wanga mwendo. Ndisanafike n'komwe pamene panali wilibala yanga, nthaka inagwedezeka, fumbi koboo. Chitenje chija chidakali pansi pa thanthwelo mpaka lero.

Ndinagwada m'fumbi momwemo, mwana akulira pachifuwa panga, n'kupereka moyo wanga kwa Ambuye.

Sindikubisirani, mantha sanatheretu. Mbale ikagwa m'nyumba ndimadzidzimuka, thukuta kamukamu. Koma tsopano ndili naye womuitana, ndipo amandiyankha. Dzina lake litamandike!

Tadala ndi uyo wakhala kutsogoloyo, akudya chala. Muyang'aneni bwino. Ngati mtima wanu ukugunda m'mawa uno, musadikire kuti nyimbo ithe. Dzukani pomwe mwakhalapo, bwerani kwa Yesu miyendo ikadalola.