Tsiku Limene Wendell Anapereka Chingwe

— Halo?

— Halo, achemwali? A Darlene? Ndine Wendell.

— Ndakuzindikira kale. Winanso ndani amakuwa pafoni ngati akuitana ng'ombe? Wadzuka bwanji?

— Ndadzuka bwino, kaya inu?

— Tadzuka. Bondo lija ndi lomwe likundikumbutsa zaka.

— Pepani. Nanga alamu?

— Ali kumunda kwako chiyambire m'mawa, akukolola tirigu wako. Akuti makina akowo amatsokomola ngati mwini wake.

— Muwathokoze kwambiri. Mvula sinagwe?

— Sinagwe, kumwamba kuli mbee. Uli pati?

— Pa Brandon, ndaima kuthira mafuta. Ndagona ku Winnipeg. Mukundimva bwino? Netiweki ikungobwera n'kuthawa, ndipo batire yatsala pang'ono, chaja ndaiwala ku motelo.

— Ndikukumva. Mwana wamusiya bwino ku yunivesite?

— Ndamusiya. Chipinda anamupatsa cha pamwamba penipeni, ndiye makatoni onse aja pamasitepe, msana wangawu...

— Za msana udzandiuza mawa. Mwayankhulana?

— Maperogi aja, timikate ta mbatata munatiikira tija, tadya m'njira. Otsala ndadyera m'mawa uno, ozizira omwewo.

— Wendell. Chaka ndi miyezi iwiri Tessa sakukuyankhula, chiperekereni piyano ya malemu mayi ake kutchalitchi. Anandiuza maso ndi maso kuti akapita kusukulu sadzapondanso pafamupo, ngakhale pa Khirisimasi. Ndiye usandiuze za maperogi.

— Ndifika, achemwali, ndifika. Ndiyambe ndi chingwe chanu cholumikizira foni ku wailesi chija.

— Unachigwiritsa ntchito?

— Mutachiponya pampando paja ndinati ndikachiika m'bokosi la masipanala. Lamulo langa mukulidziwa.

— M'galimoto mwa Wendell palibe wokhudza wailesi. Zaka makumi awiri anthu kumvera mitengo ya tirigu ndi zanyengo. Mkazi wako Colleen, mzimu wake uuse mumtendere, ankangoyang'ana pawindo.

— Eya. Ndiye tanyamuka ku Swift Current, maola awiri athunthu, zii. Iye timahedifoni m'makutu, nkhope kuwindo. Titadutsa Moose Jaw ndinayamba kuwerenga m'mutu: maola asanu ndi limodzi atsala, kenako mwana wapita. Ndipamene ndinakumbuka mawu anu.

— Ndinati chiyani? Tabwereza ndimve kukoma.

— Munati kwa ana a masiku ano, wokhala pambali pa dalaivala ndiye amagwira chingwe, ndiye amasankha nyimbo. Munati, mupatse chingwe, utseke pakamwa.

— Kwachiwiriko ndi komwe ndinkakukayikira.

— Ndinazimitsa zanyengo zija, n'kumuikira chingwe pamwendo. Anachiyang'ana ngati ndamuikira njoka. Kenako anavula hedifoni imodzi n'kunena kuti, mukunena zoona?

— Anayankhula?

— Mawu awiri. Ndinawawerenga.

— Ambuye. Ndiye?

— Foni yake yatsopanoyi ilibe polowetsa chingwe chotere. Ndinati basi zakanika. Koma anapisa m'chikwama n'kutulutsa foni yakale ya mayi ake, yosweka pakona ija. Sindinkadziwa kuti anaisunga.

— Ine ndinkadziwa. Pitiriza.

— Mbali ya foni chinalowa. Mbali ya wailesi, pakabowo kolembedwa AUX paja, chikukana. Akankhe, chikukana. Ine ndinati achemwali agula chingwe cholakwika.

— Ndithu, wolakwa ndikhale ine.

— Ndinaima pambali pamsewu, ndavala magalasi, kusuzumira. Achemwali, kabowoko kanali kodzaza fumbi la tirigu. Zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi kosalowetsedwa kanthu. Linachita kuuma ngati simenti.

— Ukanathirira madzi, bwenzi utakolola.

— Ndinatenga kamtengo kotokosera m'mano, kutokosa, kutokosa, kenako n'kuuzira. Lonse linabwerera m'diso mwanga. Ndipo ndinamva kakuseka.

— Tessa?

— Pang'ono chabe, ka m'mphuno. Anakabisa msanga, koma ndinakamva.

— Halo? Wendell? Wasowa.

— Halo? Dikirani ndichoke kuseri kwa lole iyi. Pano?

— Eya, pano. Chingwe chalowa, ndiye?

— Chalowa, koma kuli chete. Ndiye ine ndi nzeru zangazi ndinapotokola voliyumu mpaka kumapeto. Chetebe. Mwana anangotambasula chala n'kudina batani la AUX lija. Achemwali, ng'oma ndi magitala zinaphulika, khofi yense pathalauza.

— Wakhaula.

— Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene kuti phokoso lanji ili. Ndinaluma lilime chifukwa cha inu. Mwamwayi, chifukwa iye anachepetsa voliyumu n'kunena kuti, iyi ankaikonda amayi.

— Ya magitala okalipa ija? Ankaikonda zedi. Tikamapita ku Regina pagalimoto yanga ankaiimba mawindo ali otsegula, akumenya dashibodi.

— Colleen?

— Colleen yemweyo.

— Ine sindinkadziwa. Zaka makumi awiri ndi zitatu ndili naye m'nyumba. Ndinkaganiza kuti nyimbo zake ndi za m'buku la tchalitchi basi.

— Akanaziimbira pati? Iwe unali ndi mitengo ya tirigu.

— Musandimenye, ndamenyedwa kale. Maola atatu mwana akundiikira nyimbo za mayi ake. Ina akuti ankaikonda pochapa, ina popita kuchipatala. Ine kungoti, oho, oho. Ndinali ngati mlendo amene akumuonetsa nyumba.

— Koma pakamwa unatseka?

— Ndinatseka. Mpaka tatsala pang'ono kulowa Manitoba. Pamenepo anaigwira foni ija nthawi yaitali osaika kanthu. Kenako anati, pali ina, koma si nyimbo ya pawailesi.

— Inali chiyani?

— Piyano. Piyano yathu, ndi batani lake lokakamira lija. Anajambula yekha Tessa pabalaza, mayi ake akuimba. Mumamva mpaka kupuma kwake, achemwali. M'masipika a galimoto yanga, ngati wakhala pakati pathu.

— Mayo ine.

— Sindinamalize. Nyimbo ili pakati, mukumva chitseko, phaa. Nsapato. Kenako mawu a mwamuna. Colleen, tachepetsa phokosolo, ndikufuna kumva zanyengo.

— Iwe.

— Ine. Mawu anga enieni. Piyano n'kusiya pomwepo. Ndiye mukumva Colleen akunong'oneza mwana, bambo ako atopa, tidzamaliza mawa. Sabata yotsatira ndi imene anagonekedwa m'chipatala.

— Halo? Ulipo?

— Ndilipo. Si netiweki, ndine.

— Puma kaye.

— Mwanayu wakhala akumvera zimenezi chaka chonse m'mahedifoni mwake, ine ndili uko kumadabwa kuti ndamulakwira chiyani. Anati, kwa inu linali phokoso, ndiye amayi atangopita munalitulutsa.

— Unamuyankha chiyani? Usandiuze kuti unayamba za malo pabalaza, zija unandiuza ine.

— Ayi. Ndinaimika galimoto. Ndinamuuza zoona zake, zimene ngakhale inu sindinakuuzeni. M'mawa uliwonse popita kukhitchini ndinkadutsa pa piyano ija ili yotseka, magalasi a mayi ake ali pamwamba, ndinkalephera kuiyang'ana. Tsiku lina ndinakhala pansi penipeni pakapeti, osatha kudzuka. Kumuuza mwana ndinachita manyazi. Ndinangoimbira abusa kuti adzaitenge.

— Wendell, bwanji osanena?

— Mukundifunsa inu, amene munakula ndi bambo athu osaulula za mumtima aja?

— Chabwino. Iye anati bwanji?

— Analira, inenso ndinalira, malole akutiimbira mahutala. Ndinapepesa. Kenako ndinamupempha kuti aiikenso.

— Yomwe ija? Ndi mawu ako omwe?

— Yomweyo. Tinaimvera kanayi. Kachinayiko, mwamuna uja atalowa ndi nsapato zake, ndinamukalipira ndekha. Ndinati khala chete iwe, anthu akuimba. Tessa anaseka uku akulira, mamina onse panja.

— Ndiye abwera pa Khirisimasi?

— Sindikudziwa.

— Sunafunse?

— Munati nditseke pakamwa.

— Osati mpaka kufa, munthu iwe.

— Ndinaopa kuwononga. Posiyana anandikumbatira ndi mkono umodzi, wina atanyamula pilo. Anati muyende bwino. Basi. Za kubwera sanatchule.

— Mkono umodzi ndi wambiri kwa mwana amene sankakupatsa ngakhale diso.

— N'chifukwa chake ndaimba. Ine mawu okoma sindiwatha, mukudziwa. Koma chikhala kuti simunaponye kachingwe kaja pampando, bwenzi nditamutula mwana ku Winnipeg ngati thumba la mbewu, n'kubwerako ndikumvera zanyengo. Bwenzi nditafa osadziwa chimene chinamupweteka. Ndiponso mwandionetsa mkazi wanga. Zikomo, achemwali. Zikomo kwambiri.

— Undiliza, ndipo ndili ndi ufa m'manja. Ine ndinangogula chingwe. Wotokosa fumbi unali iwe.

— Ngakhale asabwere, ndayankhula naye. Zimenezo zokha...

— Abwera. Mupatse nthawi. Ndipo ukafika kuno upite kwa abusa ukakambe za piyano, sakukaniza.

— Ndaganiza kale zimenezo. Kungoti alamu adzandithandize kunyamula, chifukwa... Dikirani. Foni ikulira mkati momwemu.

— Ndi batire imeneyo.

— Ayi, wina akuimba. Dikirani ndione. Achemwali, palembedwa Tessa.

— Tessa akukuimbira?

— Sanandiimbirepo chichokereni mayi ake. Mwina waiwala katoni m'galimoto?

— Kaya waiwala katoni, kaya chiyani, waimba. Yankha.

— Ndidine pati? Pabwera mabatani atatu, ofiira, obiriwira...

— Usadine chilichonse, ndi zala zakozo utidula tonse awiri. Ndidula ine, kenako udine lobiriwira.

— Batire yatsala pang'ono, nanga ikazima ali mkati moyankhula?

— Ndiye usaithere pa ine. Uyende bwino, usathamange.

— Alamu muwapatse moni, muwauze kuti...

— Ndadula, Wendell.

— Halo? Halo, Tessa? Eya, ndine, mwanangu. Ayi, sindikuyendetsa, ndaima. Sindili pachangu. Yankhula, ndikumva.