Agogo Amene Ndinawapha Papepala

Kho, kho, kho. Mpaka lero ndikamva hamala ikugunda mwala, mutu wanga umawerama wokha. Abale ndi alongo mwa Ambuye, landirani moni wanga. Dzina langa ndine Limbani, ndipo umboni uwu ndikuulemba ndi manyazi, chifukwa dzenje limene Mulungu ananditulutsamo ndinalikumba ndekha. Ndinachotsedwa ntchito agogo anga ali gone m'chipatala, ndipo chinandichotsetsa ndi bodza limene ndinalisenza zaka zisanu ndi ziwiri.

Makolo anga anamwalira motsatizana ndili wamng'ono. Amene ananditola ndi mayi awo a mayi anga, agogo Nachisale, omwe ankaswa miyala m'mbali mwa msewu ku Chinsapo. Ankakhala pa chiguduli atatambalala, hamala ili kho, kho, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Sanali munthu wa malangizo ambiri, ndipo inenso ndinali mwana wosalankhulalankhula, ndinkangoyang'ana. Ndinaona kuti anzawo ena ankaika dothi ndi zimiyala zosaswa pansi pa mulu, n'kuphimba pamwamba ndi miyala yosweka bwino. Tsiku lina ndinawafunsa chifukwa chake mulu wathu unkachedwa kukula. Anandiyankha osatukula mutu kuti, "Mulu wanga ukhale chimodzimodzi, pansi ndi pamwamba." Anapitiriza kuswa.

Chaka cha njala ija ya 2002 ndinasankhidwa kupita ku sekondale, koma fizi panalibe. Kudera kwathu kunabwera bungwe lina lothandiza ana amasiye, ndipo kunamveka mphekesera yakuti oyamba kuthandizidwa ndi ana opanda wowayang'anira aliyense. Pa fomu yawo panali mzere wofunsa za wachibale amene ndinkakhala naye. Ndinauyang'ana mzerewo nthawi yaitali, kenako ndinalemba kuti: agogo, anamwalira.

Patapita milungu itatu kunabwera Mayi Chimwaza a ku bungweko kudzaona kumene ndinkakhala. Anawapeza agogo pakhonde akupeta madeya. Atafunsa kuti amenewa ndi ndani, ndinati ndi mayi oyandikana nawo nyumba amene amandigawirako chakudya. Lichero linaima m'manja mwa agogo. Anandiyang'ana, anayang'ana mlendoyo, kenako anati, "Eya, ndife aneba." Ananyamula lichero lawo n'kukakhala kuseri kwa nyumba yawo yomwe. Nkhaniyi sanaitchulenso, ndipo kukhala chete kwawoko kunkandiwawa kuposa ndodo.

Bungwelo linandilipirira sukulu mpaka kumaliza, kenako linandilemba ntchito yosunga mafayilo ku ofesi yawo ku Area 25. Kukabwera alendo ankandiimika kutsogolo kuti ndifotokoze mbiri yanga, ya mwana amene anadzilera yekha. Ndinkaifotokoza bwino, anthu n'kumagwetsa misozi. Ndinapeza kachipinda ka lendi pafupi ndi ofesi, ndipo ku Chinsapo ndinkapitako kamodzi pamwezi, kutsika minibasi patali kuti wina asandione. Lamulungu ndinkaimba kwaya nditavala tayi. Ndinali mulu wosalala pamwamba, pansi pake dothi lokhalokha.

Mu 2009 fumbi la miyala lija linawagwira agogo pachifuwa, ndipo anagonekedwa kuchipatala chachikulu. Mukudziwa kuti kuchipatala wodwala amafuna womudikirira, womuphikira ndi kumuchapira, ndipo iwo analibe wina koma ine. Koma ndikanapempha bwanji tchuthi chodwazika munthu amene ndinamuika kale m'manda? Ndinalemba kalata yonena kuti aneba aja amene ankandigawira chakudya adwala, ndinaipinda n'kuiika m'thumba, ndipo masana ndinathamangira kuchipatala kukawaona ndisanaipereke.

Ndinalowa mu wodi nditavala malaya olembedwa dzina la bungwe lathu. Agogo anali atawonda, akupuma movutikira. Namwino amene ankalemba za odwala anawafunsa kuti, "Agogo, awa ndi ndani anu?" Iwo anayang'ana malaya anga aja, kenako anayankha ndi mawu otsika kuti, "Ndi aneba."

Abale anga, munthu ali pakati pa moyo ndi imfa, koma akutetezabe bodza langa. Ndinatuluka osayang'ana aliyense n'kukakhala pansi pa mtengo panja pa wodi. Pemphero la mawu okongola la kukwaya lija linakana kutuluka. Ndinangoti, Ambuye, ine ndine yani? Ndinadzifunsa ngati panali chinthu chimodzi chokha chimene ndikanakana kuchigulitsa, ndipo ndinapeza kuti mpaka tsiku limenelo panalibe. Chimene ndinkachitcha nzeru chinali mantha a umphawi basi. Pansi pa mtengo umenewo ndinasankha kuti sindidzadyanso chakudya chobwera ndi bodza, ndipo sindidzamukananso munthu amene anandilera, kaya pabwere chiyani. Kalata ija ndinaing'amba.

M'mawa mwake ndinalowa mu ofesi ya Mayi Chimwaza, omwe panthawiyi anali atakwera kukhala mkulu wa ofesiyo. Ndinatulutsa fayilo yanga, popeza ndinali wosunga mafayilo ndine, ndinawaonetsa mzere uja n'kuwauza zonse. Kenako anandiuza chinthu chimene sindinachiganizepo zaka zonsezo: malo a ana othandizidwa anali ochepa chaka cha njala chija, ndipo pamene ine ndinalowa, panali mwana wina amene anatsala. Anati sangandisunge pantchito, chifukwa ndinanamiza alendo ambiri m'dzina la bungwe. Sanakalipe. Ndinasiya makiyi patebulo n'kutuluka.

Ndinawadikirira agogo milungu isanu. Amayi a kumalo ophikira odikirira odwala ankandiseka poona mwamuna akulimbana ndi mbaula, koma ndi omwewo amene ankandithandiza kuwasambitsa agogo. Atatulutsidwa, ndinasiya chipinda cha ku Area 25 n'kubwerera ku Chinsapo. Makalata ofunsira ntchito ndinalemba ambiri, koma kulikonse ankafuna kalata yochokera kumene ndinkagwira kale, ndipo ine ndinalibe nkhope yokaipempha. Ufa utatha m'nyumba ndinatenga hamala ya agogo n'kukakhala pa chiguduli chawo.

Nkhani yanga inali itafala kale dera lonse. Anyamata okwera njinga ankakuwa podutsa kuti, "Bwana wa tayi, ofesi yasamukira pa miyala?" Manja anatuluka matuza, matuza anaphulika. Mulu wanga unkakula pang'onopang'ono, ndipo sindikubisirani, tsiku lina ndinayang'ana dothi limene linali pambali panga n'kuganiza zoti mafosholo atatu okha sangaoneke. Ndinakumbukira za pansi pa mtengo paja, ndinalisiya dothilo. Madzulo ake tinagona ndi phala lopanda shuga, ndipo ndinafunsa Mulungu ngati choonadi chimadyedwa.

Yankho linabwera pa lole. Che Amidu, bambo wachisilamu wochokera ku Mangochi, ankagula miyala kwa agogo kwa zaka zambiri n'kumakagulitsa kwa omanga nyumba. Tsiku lina anatsika m'lole, sanandipatse moni wautali, anangotenga fosholo n'kuizika pansi penipeni pa mulu wanga. Anaitembenuza, anayang'ana, anaizikanso mbali ina. Kenako anaseka n'kunena kuti dzanja ili ndi la Nachisale. Anandiuza kuti nkhani yanga anaimva, ndipo ankafuna munthu woyenda ndi lole, wosankha miyala ndi mchenga komanso wolankhula ndi makasitomala. Anati, "Munthu amene wataya ntchito ya mu ofesi chifukwa chonena zoona sangandinamize pa wilibala imodzi ya mchenga." Ine ndinkayembekeza kuti thandizo lidzachokera kwa a mpingo wanga, koma Mulungu analidzeretsa kwa munthu wopemphera Lachisanu. Ndikugwira nawo ntchito mpaka lero.

Tsiku limene ndinalandira malipiro oyamba ndinagwada pamaso pa agogo pakhonde lomwe lija, ndinawapepesa zonse kuyambira pa fomu. Anandisiya ndilankhule mpaka mawu anandithera. Kenako anati, "Dzukani aneba, mudetsa buluku." Anaseka mpaka kutsokomola, ndipo aka kanali koyamba kuti mawu amenewo asandilase. Chifuwa chawo chinapola, ngakhale hamala ndinawaletsa.

Ndikuthokoza Mulungu amene sananditaye pamene ine ndinataya wondilera. Za mwana amene anatsala chifukwa cha ine sindizidziwa, dzina lake sindilidziwa, ndipo ndimamupempherera ndi manyazi. Inu amene mukuwerenga, ngati pansi pa mulu wanu pali dothi, musadikire kuti wina adzazikepo fosholo. Khalani pansi, mudzifunse chimene simungachigulitse, ndipo mukachipeza chigwiritseni ngakhale chikuluzitseni ntchito. Njala yake imawawa, sindikunamizani, koma imatha, ndipo tulo take ndi tokoma.

Patatha miyezi ingapo ndili pantchito kwa Che Amidu, tikupakira miyala pamalo a agogo paja, panaima galimoto. Anatsika Mayi Chimwaza. Ndinapukuta manja pa buluku. Anafunsa za agogo, ndinawauza kuti ali bwino, ali kunyumba. Anagwedeza mutu n'kutulutsa pepala m'chikwama. Inali fomu yanga ija. Pamene ndinalemba kuti anamwalira anali atakhwatchapo ndi cholembera chofiira, pamwamba pake atalemba kuti: ali moyo.

"Ukawapatse moni agogo ako," anatero. Anandiika pepalalo m'manja, anakwera galimoto n'kumapita.