Labirinthi ya ku Mughese

Pa siteji ya Chitipa Boma, amayi awiri osadziwana ankadikira galimoto ya ku Misuku. Mmodzi anayamba kudandaula.

"Amuna anga amalondera nkhalango ya Mughese. Chibwerereni kamtsikana ka ku yunivesite kodzaphunzira za mitengo, Chingerezi chadzaza m'nyumba mwanga."

"Si zabwino zimenezo, mama?"

"Zabwino? Dzulo anachoka m'mawa awiriwiri, kubwera dzuwa litalowa. Ndikuwafunsa, akuti, 'Tinalowa mu labirinthi.'"

"Ndiye chiyani chimenecho? Chipatala?"

"Inenso ndimayesa choncho. Akuti ndi njira zokhotakhota, zopiringizana, zoti ukalowamo potulukira supaona. Kawaphunzitsa mawuwo ndi kamtsikana komweko."

"Kusochera kumachitika, mama. Nkhalango ija njaikulu."

"Munthu wokulira momwemo? Mbuzi ya abambo anga itathawira m'menemo kuli chifunga, anakaipeza ndi iwowa, mpaka kundifunsira ine. Lero asochere dzuwa likuswa mtengo?"

"Nadi. Nanga mutani?"

"Mawa khofi wa kumunda kwanga adzithyole yekha, ine ndikupita nawo. Chingerezi chawocho azilankhula ine ndili pakati. Tione ngati labirinthiyo imasocheretsanso anthu atatu."